Wokonda Mbumba Yake Alembe Wilu

Nkhani yathu ndi ya chuma cha masiye, ndipo ndiyambe n'kunena poyera mbali imene ndaima, kuti pomva zotsatirazi muzindiyesa nayo. Kuno ku Ntcheu ambiri amaiona wilu ngati chida cha anthu a m'tauni chopirikitsira abale, pepala limene mwamuna wogonjera mkazi amalemba kuti alongo ake ndi ana awo asadzalaweko kanthu. Ine ndikuti si choncho ayi. Mmene lamulo la dziko lino lilili lero, munthu wosamala mbumba yake ndiye akufunika wilu kuposa wina aliyense, chifukwa akamwalira asanalembe, lamulo pogawa chuma chake silidzaiwerengera mbumbayo.

Tisanaunyoze mwambo, tiyambe taumvetsa. Angoni a Maseko anafika m'dera lino ndi mwambo wotsata kuchimuna ndiponso wa lobola. Atakhazikika pakati pa Achewa n'kukwatirana nawo, chilankhulo chinasintha, maukwati nawonso anasintha. Ufumu wa a Gomani umatsatabe kuchimuna, koma m'midzi yambiri ya kwa Njolomole, kwa Kwataine, kwa Ganya kapena kwa Champiti, mwamuna amapita kuchikamwini, ndipo akafuna kutengera mkazi kwawo amachita kupempha chitengwa. Dongosolo limeneli linali ndi nzeru zake. Chuma chenicheni chinali nthaka, ndipo nthaka inali ya mbumba. Ana ankakulira pa munda wa mayi awo, ndipo wowayang'anira pa matenda, pa milandu ndi pa ukwati anali malume awo, mwinimbumba. Bambo akamwalira, zimene abale ake ankabwera kudzatenga zinali khasu, nkhwangwa, uta, mwina mbuzi ziwiri. Mkazi ankatsala pa nthaka ya makolo ake ndi nkhokwe yake, ana ankatsala ndi malume awo, ndipo panalibe wogona ndi njala chifukwa cha kugawako. Mwambowo sunali wankhanza, ndipo amene amaunena ngati umbuli wa makolo sanaufufuze bwino.

Chimene chinasintha ndi chumacho. Lero mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano ali ndi lole yonyamulira katundu kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mayi wogulitsa kabichi ndi tomato pa msika wa Lizulu ali ndi ndalama ku banki m'khonde ndi pa foni, ku Airtel Money kapena ku Mpamba. Mphunzitsi ali ndi penshoni. Mnyamata amene ali ku Joni akutumiza ndalama zomangira nyumba ya lendi pa boma. Pali zigayo, magolosale, njinga zamoto za kabaza. Chuma chotere sichinachokere kwa makolo, anachipeza ndi mwamuna ndi mkazi wake, nthawi zambiri onse awiri atakhetsa thukuta, ndipo ndicho chimalipira fizi ya ana, udindo umene lero uli pa bambo ndi mayi, osati pa malume. Tsono mwambo umene unapangidwira khasu ndi mbuzi ukagwiritsidwa ntchito pa chigayo ndi nyumba ya malata, zotsatira zake tonse timazidziwa. M'mawa mwake mwa tsiku loika maliro, anthu asanabalalike, akuluakulu amakhala pa mphasa kuseri kwa nyumba ya siwa. Wina amafunsa makiyi a chigayo, wina buku la galimoto, wina khadi ya kubanki ndi nambala yake yachinsinsi. Mayi wamasiye ali chigwadire pakona, mpango kumutu, mawu atatha ndi kulira, ndipo mwambo womwewo umati wofedwa salankhula pagulu. Pofika tsiku lometa, matiresi ndi wailesi zakwera kale minibasi.

Boma linayamba kulowererapo kalekale. Lamulo la mawilu ndi chuma cha masiye la 1967 linayesa kukondweretsa mbali zonse. M'maboma otsata kuchikazi ngati lino, mwamuna akamwalira wopanda wilu, mkazi, ana ndi ena omudalira ankalandira magawo awiri mwa asanu, ndipo magawo atatu ankapita kwa olowa chuma mwa mwambo. Gawo lalikulu linkachoka pakhomo, ndiye abale ankabwera ali ndi lamulo kumbuyo kwawo, ndipo amene wapatsidwa chilolezo chotenga magawo atatu sachedwa kutenga onse asanu. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, mu gawo 24, analetsa miyambo yolanda amayi katundu, kuphatikizapo wolandira kwa omwalira. Mu 1998 Nyumba ya Malamulo inagamula kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. M'zaka zimenezo Edzi inali kupulula anthu a misinkhu yobereka, amasiye anachuluka, ndipo bungwe loona za amayi ndi malamulo la WLSA linalemba mwatsatanetsatane zimene amayi ofedwa ankakumana nazo m'buku lake la 2002 lotchedwa Dispossessing the Widow. Mapeto ake, mu 2011 panabwera lamulo latsopano, Deceased Estates Act, limene linachotseratu la 1967.

Lamulo la 2011 limeneli ndilo phata la nkhani yathu. Likuti palibe amene angalowe chuma cha womwalira pongotsamira mwambo. Munthu akamwalira wopanda wilu, gawo 17 likuti chuma chake chipite kwa mkazi kapena mwamuna wake, kwa ana ake, ndi kwa amene ankamudalira. Ana ndi onse, wobadwira m'banja, wobadwira kunja, ngakhale amene adakali m'mimba. Ziwiya ndi katundu wa m'nyumba zimatsala ndi wofedwayo. Koma tamvetsani amene lamulo likuwatcha odalira. Ndi makolo a malemu amene iye ankawasamala, komanso mwana wosakwana zaka 18 amene malemuwo ankamulipirira sukulu. Mlongo wanu amene banja lake linatha ndipo mumamugulira feteleza chaka ndi chaka mulibemo. Mphwanu wolumala mulibemo. Mwana wa mlongo wanu wa zaka 22 amene mukumulipirira ku koleji mulibemo. Abale otere lamulo limawafikira pokhapokha ngati palibe mkazi, palibe mwana, palibe wodalira. Ndikuona kuti aphungu anachita bwino kuika mkazi ndi ana patsogolo, pakuti iwowo ndiwo ankazunzika. Koma zikutanthauza kuti mwinimbumba wa ku Ntcheu, amene mumtima mwake akudziwa kuti ali ndi makomo awiri owasamala, akangokhala chete ndiye kuti khomo limodzi walitaya. Abale ake atsala ndi njira ziwiri, kuchoka chimanjamanja kapena kulanda n'kupalamula mlandu. Malo okhawo amene angalembepo kuti ng'ombe ziwiri zipite kwa mlongo wake, ndipo lendi ya nyumba ya pa Kampepuza imalizitse sukulu mwana wa mlongo wakeyo, ndi mu wilu.

Wina anena kuti, ine mbumba ndilibe nayo nkhawa, nkhawa yanga ndi mkazi ndi ana, ndipo poti lamulo likuwateteza kale, wilu n'njachiyani? Funsoli n'lomveka, koma likuiwala kuti lamulo limapereka mfundo zogawira, siligawa lokha. Pamafunika munthu wopita kukhoti kukatenga kalata yomuloleza kuyendetsa chumacho, kapena nkhani ipite kwa bwanamkubwa kapena ku ofesi ya Administrator General, ndipo pomwepo mkangano umayamba: apite ndani? Mayi wa ku Kasinje kapena ku Bilila ayenera kupeza thiransipoti yopitira pa boma kangapo, pamene chigayo chatsekedwa, lole yaima ndipo ana abwezedwa ku sukulu. Ndiponso lamulo silidziwa pakhomo panu. Silidziwa kuti mwa ana anu asanu, amene amatha kuyendetsa golosale ndi wachitatu, kapena kuti nyumba singagawidwe pasanu popanda kuigulitsa. Pa mitala, likuti akazi akakhala m'madera osiyana, aliyense ndi ana ake apeze gawo pa chuma cha kudera kwawo. Nanga ngati chuma chonse chili kwa mayi wamng'ono pa Manjawira, pamene mayi wamkulu amene munavutika naye pachiyambi ali kumudzi ndi nyumba ya udzu? Mwana wakunja amene simunamuulule adzatulukira pa maliro, ndipo lamulo lidzamulandira, koma banja lidzagawanika. Zonsezi mwiniwake angathe kuzikonza ndi tsamba limodzi akadali moyo.

Kalembedwe kake n'kosavuta kusiyana ndi mmene ambiri amaganizira. Aliyense wa zaka 18 kapena kuposerapo, wamutu wabwinobwino, angathe kulemba wilu. Sipafunika Chingerezi, ndipo lamulo silikakamiza kuti pakhale loya, ngakhale kuti amene ali ndi chuma chambiri kapena mitala achita bwino kumufuna, ndipo wosowa ndalama angafunse ku Legal Aid Bureau. Tengani pepala loyera, lembani tsiku, dzina lanu monga lilili pa chiphaso cha unzika, mudzi ndi mfumu yanu. Nenani kuti iyi ndi wilu yanu yomaliza. Tchulani katundu mmodzimmodzi momveka, osangoti nyumba yanga, koma nyumba ya malata imene ili pa puloti yakuti, ndipo tchulani womulandira ndi dzina lake lonse, osangoti mwana wanga wamkulu. Sankhani munthu wodzayendetsa zimene mwalembazo, ndi wina wodzalera ana ngati ali aang'ono. Kenaka sainani pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, nazonso zisaine inu mukuona. Wosadziwa kulemba amuwerengere mokweza zimene zalembedwa, adinde chala. Pamene ambiri amapunthwa ndi pa mboni. Musatenge munthu amene mwamupatsa kanthu mu wiluyo, chifukwa angathe kutaya gawo lakelo. Tengani mphunzitsi, mkulu wa mpingo, mnansi amene alibe chake m'menemo. Mbonizo sizifunika kuwerenga zimene mwalemba, zimangochitira umboni kuti mwasaina ndinu, mosakakamizidwa. Mukatero kaisungitseni kukhoti, kwa bwanamkubwa, kubanki kapena kwa loya, ndipo munthu mmodzi wodalirika adziwe kumene ili. Pakabadwa mwana, mukagula kapena kugulitsa katundu, makamaka mukakwatiranso, lembani ina, pakuti ukwati watsopano ungathe kufafaniza wilu yakale.

Chimene chimagwira anthu dzanja si kuvuta kwa kalembedwe, koma mantha. Amati kulemba wilu n'kudziitanira imfa. Mantha amenewa sindikuwapeputsa, chifukwa mwa ife mawu ali ndi mphamvu ndipo za imfa sitizitchula mwachisawawa. Koma makolo athu omwe ankasiya mawu. Nkhalamba ikaona kuti mphamvu zatha inkaitana mbumba n'kunena kuti chakuti n'cha uje, ndipo mawu a womwalira ankaopedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti kale anthu ambiri ankafera pa mphasa, abale atazungulira, pamene lero imfa imapeza munthu pa msewu wa M1 kapena m'chipatala cha ku Johannesburg, popanda womva mawu ake omaliza. Ndipo ngakhale alipo anamva, mawu apakamwa aliyense amawakumbukira mokomera iye mwini. Ena amati mkazi kapena mwana akadziwa zimene adzalandire adzakufulumizitsa. Yankho lake lili m'kalembedwe komwe ndafotokoza kaja: palibe amene ayenera kudziwa za m'katimo inu muli moyo. Komanso taganizani, popanda wilu mkazi ndi ana akudziwa kale kuti lamulo lidzawapatsa chumacho. Ngati pali chokopa munthu woipa mtima, chilipo kale, wilu siyonjezerapo kanthu. Ponena za amene amati ine ndine wosauka, ndilemba chiyani, milandu yambiri yofika kwa mafumu si ya mamiliyoni, ndi ya malata 20, ngolo, njinga ndi mbuzi. Wolemera akalandidwa galimoto imodzi, ana ake amadyabe. Wosauka akalandidwa ngolo, pakhomo pafa.

Pali chitsutso china cholemera kuposa izi, ndipo chimachokera kwa amayi. Amati, ngati wilu imapatsa mwamuna mphamvu yopatsa abale ake, kodi si njira yobwezera mwakachetechete zimene lamulo la 2011 linathetsa? Mwamuna sangalembe zonse kwa mbumba yake, kapena kwa chibwenzi, n'kusiya ana padzuwa? Ngoziyo ilipodi, ndipo lamulo linaiona. Gawo 15 likuloleza mkazi, mwamuna kapena mwana amene wilu yamusiya popanda chomuthandiza chokwanira kukadandaula kukhoti, ndipo khoti lingathe kumupatsa gawo kuchokera m'chumacho. Chachiwiri, munthu amagawa chake chokha. Nyumba imene munamanga awiri, mkazi akuumba njerwa ndi kutunga madzi, kapena akuikapo phindu la geni yake, ili ndi gawo lake limene si la masiye konse. Wilu yabwino imayamba n'kuvomereza zimenezi. Chimene ndikulimbikitsa si kuchotsera ana kuti mbumba idye, koma kupatula gawo loyenera, lodziwika, lolembedwa, kuti abale adzabwere pa maliro kudzalira, akudziwa kuti sanaiwalidwe. Mbale amene watchulidwa dzina mu wilu amakhala woyamba kuiteteza.

Nkhani ya nthaka ndiyo ifuna kusamala kwambiri kuno kwathu. Munda wa makolo si wanu nokha woti mungaulembe mu wilu mmene mungalembere njinga. Uli m'manja mwa mbumba ndi mfumu, pokhapokha ngati unalembetsedwa m'dzina lanu motsata lamulo la malo a makolo la 2016. Apa ndi pamene abambo a kuchikamwini ayenera kutchera khutu, chifukwa kulandidwa si kwa amayi okha. Mkamwini amakhala zaka 30 pamudzi pa eni, amamanga nyumba ya njerwa zootcha, amadzala mitengo ndi nthochi. Mkazi akatsogola, amamusudzula, ndipo amabwerera kwawo ndi chikwama, atakalamba, kumudzi kumene munda wake unagawidwa kalekale. Mtengwa naye zimamuchitikira chimodzimodzi mwamuna akamwalira. Lamulo limateteza wofedwa aliyense, mwamuna kapena mkazi, koma nyumba yomangidwa pa nthaka ya eni n'njovuta kuiteteza, chifukwa khoma silinyamulika. N'chifukwa chake amayi nawonso ayenera kulemba wilu, kunena za ndalama zawo, ziweto zawo ndi khumbo lawo lakuti bambo wa ana awo asathamangitsidwe. Ndipo banja limene lapeza ndalama zomangira nyumba yolimba liganizire zogula puloti yakeyake, m'maina a onse awiri, mapepala ake asungidwe bwino.

Ana akakhala aang'ono, wilu payokha siikwana, ndipo apa ndi pamene pamalowa thirasiti. Tanthauzo lake n'lakuti chuma chimaikidwa m'manja mwa anthu osankhidwa, matrasitii, kuti achiyendetse mokomera ena, motsata malangizo olembedwa, iwowo osadyapo. Chitsanzo chodziwika kwa Amalawi onse ndi Press Trust, imene Dr Hastings Kamuzu Banda anakhazikitsa mu 1982 kuti isunge masheya a makampani a Press. Nyumba ya Malamulo inaikonzanso mu 1995 kuti ipindulire mtundu wonse, ndipo mwiniwake atamwalira mu 1997 chumacho sichinagawidwe ngati cha masiye, chikumangabe sukulu ndi zipatala. Munthu wamba safunika zazikulu chotero. Mu wilu momwemo angathe kulemba kuti nyumba ya lendi isagulitsidwe kufikira mwana wotsiriza atakwanitsa zaka 21, lendi izilowa mu akaunti yakutiyakuti, izilipira fizi ndi chakudya, ndipo osaina akhale awiri. Maganizo amenewa si achilendo kwa ife. Mwinimbumba weniweni ankasunga munda ndi ziweto m'malo mwa ana a mlongo wake, osati ngati zake. Chimene thirasiti ikuwonjezera ndi malire olembedwa ndi khoti limene lingamufunse wosungayo kuti ndalama zinapita kuti. Langizo langa n'lakuti matrasitii achokere mbali zonse ziwiri, mmodzi kuchimuna, mmodzi kuchikazi, monga timachitira ndi ankhoswe, ndipo ngati n'kotheka pakhale wachitatu wapadera wodziwa kusunga mabuku. Malume amene wapatsidwa udindo poyera, n'kumapereka malipoti chaka ndi chaka, amasunga ulemu wake ndipo ana amasunga chuma chawo.

Kuteteza chuma kumayambanso munthu akadali moyo, pa zinthu zooneka zazing'ono. Ambiri amene ali ku South Africa amatumiza ndalama kwa mbale kuti awagulire puloti kapena njinga yamoto, ndipo pepala logulira limalembedwa m'dzina la mbaleyo. Mwini ndalama akamwalira, mkazi wake alibe poyambira, chifukwa pa pepala katunduyo si wa malemu. Ogwira ntchito akumbukire fomu ya penshoni. Chiyambire lamulo la penshoni la 2011, limene linakonzedwanso mu 2023, wantchito amalemba maina a odzalandira ndalama zake akamwalira, ndipo ndalamazo zimatsata fomuyo, osati kugawa kwa pa maliro. Alipo ambiri amene anailemba ali mbeta kapena asanakwatire, n'kutchula mayi awo ndi mchimwene wawo, ndipo mpaka lero sanaisinthe ngakhale ali ndi ana anayi. Ngongole nazo zilembedwe, zimene muli nazo ndi zimene ena ali nazo kwa inu, pakuti ngongole za malemu zimabwezedwa chuma chisanagawidwe, ndipo wakatapila akabwera ndi chiwerengero chake pa maliro, wamasiye alibe chomutsutsira. Ndinene mosabisa kuti thirasiti kapena kulemba katundu m'dzina la mwana si njira yothawira ngongole imene munatenga kale. Khoti lingathe kuzigwetsa, ndipo n'kusaona mtima.

Chitsutso chotsiriza ndi cha anthu amene aona zambiri. Amati pepala ndi pepala, abale olusa adzaling'amba, ndipo mayi wakumudzi sangalimbane ndi azilamu ake kukhoti, poopa kulodzedwa kapena kusalidwa pamodzi ndi ana ake. Zimenezi n'zoona ndithu, ndipo ndi chifukwa chake wilu iyenera kusungidwa kunja kwa nyumba, kumene dzanja lolusa silifika. Gawo 84 la lamulo la 2011 likuti wolanda chuma cha masiye angathe kulipitsidwa chindapusa ndi kukhala kundende zaka 10, ndipo khoti lingalamule kuti katunduyo abwezedwe. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa imene imalandira madandaulo otere. Koma chilango chimabwera zinthu zitaonongeka kale, ndipo wamasiye sayenera kusiyidwa yekha kuti akhale woyamba kutchula lamulo pakati pa anthu amene adzakhala nawo moyo wake wonse. Apa ndikutembenukira kwa inu mafumu, pakuti palibe manda amene amakumbidwa popanda chilolezo chanu, ndipo palibe mwambo wa maliro umene umatha inu musanalankhule. Mukaimirira kumanda kuthokoza adzukulu ndi anamalira, onjezanipo mawu awiri: kuti katundu wa malemu asasunthe pakhomo kufikira zitadziwika ngati anasiya wilu, ndipo kuti m'mudzi mwanu makiyi ndi makhadi a kubanki safunsidwa kwa munthu amene adakali m'chisoni. Inu ankhoswe, amene munamanga banjalo, khalani pambali pa wofedwayo tsiku logawa, mbali zonse ziwiri. Ndipo inu abusa ndi mashehe, pa maphunziro a chinkhoswe ndi ukwati, pamene mukulangiza achinyamata za kasungidwe ka ndalama, auzeninso kuti puloti yoyamba akagula ailembetse m'maina awiri, ndipo mwana woyamba akabadwa akhale pansi alembe wilu.